Wothira Mafuta M'makina

Pa zaka khumi ndi ziwiri, akapitawo a kosokera zovala sanayambepo ntchito osapemphera. Koma lero mtima wawo unali m'mwamba. Abwana ankafuna dzina la wochotsedwa ntchito pofika masana, ndipo akapitawo anali atalemba kale pakapepala la mayi wamasiye wosoka pang'onopang'ono.

"Ambuye, nzeru zandithera, ndionetseni," ankanong'ona m'njira, atalawirira kuposa masiku onse.

Anapeza mayiyo atagwada, akuthira mafuta m'makina a anzake onse.

"Achemwali, wakutumani ndani?"

"Aaa, akapitawo! Zaka zonsezi mumayesa makinawa amadzidzoza okha?"

Akapitawo anatulutsa kapepala kaja n'kukang'amba. Dzina lina analibe. Anakagogoda kwa abwana chimanjamanja, pemphero lili pakamwa.