Mapepala a Ana Anga M'kabokosi ka Pansi pa Kauntala

Anandiuza ndi mayi wina wa kutchalitchi, titangotuluka m'holo imene timapempherera ku Berea, kuno kudziko la eni, kutali ndi kwathu ku Malawi. Ankabereka mwana wake, uku akuseka.

"Iii asisi, kamtsikana kanu katchukatu! Ndakaona pa kompyuta kushopu kuja timapulintitsa makalata. Kavala yunifolomu ya kukireshi, kakumwetulira mano onse pamtunda."

Ndinafunsa kuti pa kompyuta iti.

"Iliyonse. Ine ndimafuna kalata yanga, ndangodina penapake, kwatuluka mayina mbwee. Ndaona lanu, ndatsegula."

Mapepalawo ndinapita nawo ndekha, ndi manja angawa. Tikukhala ku Kya Sand moto unadutsa m'mikhukhu yathu, khadi la sikelo la mwana wanga wamkulu linapsa, ndipo kuchipatala anandibweza kangapo. Ndinalumbira kuti sizidzachitikanso. Kenako ndinathawa bambo a anawa. Chipsera chili pachigongono changachi ndi chawo, ndipo ananena anthu akumva kuti tsiku adzandipeze adzatenga ana n'kuwakweza basi ya kumudzi, ine osadzawaonanso. Nditapeza kachipinda ku Berea, ndinasonkhanitsa zonse: makadi, zikalata zobadwira, kalata ya kukireshi, sukulu ya mkaka ija, yokhala ndi chithunzi, dzina la msewu ndi nambala ya fulati yathu. Ndinapita nazo kushopu kuti azijambule, zisungidwe pa kompyuta.

Mwini shopuyo ndi bambo wachikulire wobadwira ku Zimbabwe, makolo ake ochokera kwathu konkuno, Chichewa chake cha pafamu. Tsiku limenelo anandifotokozera mokoma mtima. Anati kuseri kuli kompyuta imene ntchito yake n'kukopera zonse tsiku ndi tsiku, n'kuzitumiza kudzera m'nthambo kukabokosi kakuda ka pansi pa kauntala. Anati imeneyo ndiye bakapu, kompyuta ikafa zanu zimatsala m'kabokosi. Ine sukulu ndinalekezera pulayimale, koma ndinamva. Ndinawathokoza mpaka kuwomba m'manja.

Tsopano ndili panja pa holo, m'mutu munangobwera nkhope za anzawo a bambo a ana, aja amagwira nawo maganyu. Akabwera m'tauni amapulintitsa makalata ofunsira ntchito kumashopu a anthu akwathu. Shopu yake ndi yomwe ija.

Wamng'ono ndinamuponya kumsana, wamkulu ndinamugwira padzanja mpaka analira kuti amayi mukundipweteka. Njira yonse ndinkacheuka. Mwamuna aliyense wa jekete yabuluu ankaoneka ngati bambo a anawa.

"Abambo, fufutani ana anga," ndinatero kwa mwini shopu nditangolowa, ndisanapereke n'moni womwe.

"Hawu, mwanangu, khala pansi kaye upume. Kwagwanji?"

Ndinakhala pa kompyuta ya pafupi ndi khomo, n'kudina monga anandiuzira mayi uja. Mwana wanga anatulukira, akumwetulira, adiresi yathu ili m'munsi mwake. Bambowo anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Eish. Kabokosika ndinakatsegulira makompyuta onse kuti makasitomala aziponyamo zopulinta. Ndinaiwala kuti bakapu nayo imagwera momwemo." Anapita pa kompyuta yawo, anadina kawiri. "Basi, ndafufuta."

"Mwafufuta pamenepo. Nanga m'kabokosi? Si munati kompyuta ikafa zimatsala?"

Kenako anatsegula. Munali foda ya Lolemba, ya Lachiwiri, ya Lachitatu, kutsika mpaka pansi osatha, ndipo m'foda iliyonse munali ana anga. Chimene ndinawathokozera chija chinali chitawachulukitsa ngati mazira a nsabwe.

Anayamba kuzengereza. Anati m'mafodamo mulinso mapepala a anthu ena, akafufuta mwachisawawa awononga bakapu yonse, bola angotseka ndi pasiwedi, mawu achinsinsi olowera.

"Tsekani, koma fufutaninso. Za eni musakhudze. Ine sindichoka."

Ndinakwinya dzanja la bulauzi, n'kuwaonetsa chigongono. Anakoka mpando, anapatsa ana mabisiketi, n'kuyamba foda imodziimodzi, ine nditaimirira kumbuyo kwawo, chala changa pagalasi, kufunafuna dzina langa. Kuwerenga ndimachedwa, koma dzina langa sindiliphonya. Kawiri konse anadumpha, ine n'kuwabweza.

"Iwe ukanakhala kapitawo pamgodi, anthu akanathawa," anatero.

Sindinaseke. Atamaliza anatseka kabokosi ndi pasiwedi. Ndinakhala pa kompyuta iliyonse ya m'shopumo, kudina, kukanizidwa, kudinanso. Pamenepo m'pamene ndinapuma pang'ono.

"Koma abambo, amene anatsegula kale mungawadziwe?"

Anapukusa mutu. Anati kabokosika sanakakonze kuti kazilemba amene walowa. Mwina ndi mayi yekha uja. Mwina ayi.

Mawu akuti mwina aja anandiperekeza mpaka kunyumba. Kireshi ija mwana wanga wamkulu ankaikonda, anali atangophunzira nyimbo ya masiku a sabata, ndipo ine ndinali nditavutika kuti amulandire. Koma dzina la kireshiyo linali pakalata, ndipo geti lake limayang'ana kumsewu.

Lolemba m'mawa ndinapita kukireshi ndekha. Ndinauza aphunzitsi kuti aliyense akadzafunsa, ngakhale atanena kuti ndi bambo a mwanayo, adzamuuze kuti tinabwerera ku Malawi. Yunifolomu ndinaipinda n'kuiika pansi pa chikwama. Sabata isanathe ndinali nditapeza malo ku Joubert Park, chipinda chogawana ndi mayi wina wa ana atatu, katani pakati. Katundu tinasamutsa m'matumba a mashangani, podzera khomo la kuseri.

Mapepala ndinawakulunga m'pulasitiki ziwiri, n'kuwasokera mkati mwa chitenje chimene ndimaberekera wamng'onoyu. Ndikamayenda amalira khwasakhwasa kumsana kwanga, ndipo ndimadziwa pamene ali.