Masamba Awiri ndi Nsonga

Amuna anga anayamba kuiwala m'zaka zija anthu ankakangana za chitaganya. Poyamba ankaiwala chipewa, kenaka njira ya kusikelo, kenaka ine. Munthu amene anakhala kapitawo wa othyola tiyi zaka zonse zija! Kampani inatitulutsa m'nyumba ya kulaini ya antchito, ine ndinabwerera kumudzi kwathu, ndipo asisiteri anawalandira m'kanyumba ka okalamba kumishoni, poti masana ndinkakhala kumunda wa tiyi, osatha kuwalondera.

Alongo anga sanachedwe kutsegula pakamwa. "Achemwali, mkamwini akatha nzeru amabwerera kwawo. Kawaolotseni mtsinje wa Muloza, abale awo akaone chochita." Ndinawakumbutsa kuti nthawi imene ankanyambita shuga wa akapitawo, njira ya ku Muloza sankaidziwa. Nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu lililonse ndinkayenda wapansi kukawaona, nditanyamula nthochi ndi kalongonda, nyemba zathu zija ankazikonda. Tsiku lina ndinawapeza atawamanga manja kubedi ndi nsalu. Ndinapsa mtima.

"Amayi, atithyolera mpanda wonse wa maluwa," anatero sisiteri wamkulu. "Zikapitirira tiwatumiza kuchipatala cha amisala."

Chipatala chimenecho chinali kutali, kosafikika ndi miyendo. Akanapita kumeneko, ndiye kuti ndawaika m'manda ali moyo.

Ndinatuluka kukauona mpandawo. Sanathyole mwachisawawa ayi. Panthambi iliyonse anachotsapo masamba awiri ndi nsonga monga timathyolera tiyi, pamwamba ponse pali see ngati tebulo. Wamisala wanji amathyola chonchi? Munthuyo anali pantchito, owamangawo ndiwo sankaidziwa ntchitoyo.

Loweruka lotsatira ndinadula nthambi za tiyi m'munda wa kampani, dzuwa likuswa mtengo, mlonda akundiyang'ana.

"Mayi, mukudziwa kuti umenewo ndi mlandu?"

"Kaneneni. Mukawauzenso kuti anabzala mitengo imeneyi ndani."

Anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana phiri ngati akuliona koyamba.

Kumishoni sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinamasula nsalu zija ndekha, ndinaimika nthambi m'ndowa ya madzi, dengu pambali. Amuna anga anaziyang'ana kanthawi, kenaka zala zinayamba, manja onse awiri, thyo, thyo, thyo, liwiro lomwe lija. Sisiteri anaima pakhomo akuonerera. Za chipatala sanazitchulenso. Kaya anamvetsa, kaya ankangoopa pakamwa panga, zimenezo n'zawo.

Ndinakhala pamphasa kuti ndiwathandize, koma misozi inanditseka m'maso ndipo ndinathyola masamba atatu. Nthawi yomweyo anandigwira dzanja.

"Iwe mtsikana, wabwera liti kuno? Awiri ndi nsonga! Ukufuna dengu lako akalikane kusikelo?"

Anali mawu omwewo amene anandikalipira nawo tsiku langa loyamba kumunda, ndili namwali, asanatumize ankhoswe kwathu. Tsiku limenelo ndinawatukwanira mumtima. Ulendo uno ndinati, "Pepani akapitawo, ndine watsopano."

Kuyambira pamenepo ndinkabweretsa nthambi zokwanira sabata yathunthu, ndipo manja awo sanamangidwenso. Dzina langa sanalitchulepo mpaka tsiku limene tinawaika. Zinkandiwawa, sindinama, ndipo pobwerera ndinkalira m'njira monse. Koma Lamulungu lililonse, ine amene ndinathyola tiyi moyo wanga wonse, ndinkathyola masamba atatu mwadala, ndipo iwo ankandigwira dzanja.