Tsiku limene anakankha njinga ya mlendo

Ngolo ikamadutsa kumsewu wa ku Malomo ndimasiyabe chimene ndikuchita n'kutchera khutu. Ndimadziwa kuti si yathu, koma mtima sumva. Ndimawasowa amuna anga, ndipo ndimawasowa pamodzi ndi liuma lawo lomwe linkandiyankhulitsa pandekha.

Iwo ankagwira ntchito yokweza mabelo a fodya m'malole. Tsiku lina belo linaterereka n'kuwagwera paphewa, ndipo mkono wamanja unangofa, moti ngakhale kapu ya tiyi sunkaigwira. Kampani ya inshuwalansi ya kuntchito kwawo inawapatsa chipukuta misozi. Tinagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri, yakuda ndi yofiira. Ankaziyendetsa ndi mawu okha, chingwe chili kumanzere, ndipo tinkadya za matola: chimanga, manyowa, njerwa, nthawi zina odwala opita kuchipatala.

Vuto la bambowa linali manyazi. Mkono wakufawo ankaubisa m'thumba la jekete, kutenthe kuzizire. Wina akawafunsa za phewa ankati, “Zinatha kale zija.” Amene ndinkadziwa zoona ndi ine, chifukwa mabatani a malaya ndinkawamangira ndine.

Chaka chotsatira, mvula itayamba, kunabwera mnyamata wa kampani ija pa njinga yamoto kudzaona mmene akupezera. Amuna anga anamulandira ngati mwana wawo wochokera ku Joni. Anamunyamulira mpando okha, anandituma kuti ndigwire nkhuku, anamuonetsa munda n'kunena kuti tayesetsa kulima. Tayesetsa! Mizere yonseyo ndinaunga ndine ndi aganyu. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, iwo n'kungosuntha mwendo.

Kwathu kuno mlendo sachoka yekha, timamuperekeza, ndipo katundu wake sanyamula mwini. Pa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi njinga ija inatitimira m'matope. Amuna anga anati, “Achimwene, musadetse nsapato.” Anaigwira ndi dzanja limodzi, anaitsamira ndi chifuwa, n'kuikankha mpaka pamwamba pa chitunda. Mnyamatayo anawajambula pa foni akumwetulira, iwonso anamwetulira. Atabwerera anagona pamphasa pafupifupi sabata yathunthu, akukukuta mano, koma osabuula.

Kenako kunabwera kalata ya kampani ija. Akuti munthu wolima munda wotero, wokankha njinga pachitunda, si wolumala, choncho tibweze ndalama. Ndinapsa mtima mpaka ndinaswa mbale yanga yomwe.

Anatiitanira ku Lilongwe kuti dokotala wawo akawaonenso. Mu minibasi monse ndinkawaphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani.

“Bambo, akakugwirani paphewa mukuwe. Mwamva?”

“Ndikuwe pamaso pa anthu?”

“Kuwani! Ng'ombe zathu zikupita.”

Dokotalayo anali mtsikana wamsinkhu wa mwana wathu woyamba. Atawakweza mkono, ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo. Anawafunsa ngati ukuwawa. Iwo anati, “Pang'ono chabe, mayi. Tikuyesera.” Ndinalowerera, ndinalongosola za mabatani, za mphasa ija, koma anandiuza mwaulemu kuti wodwala ayankhe yekha. Dokotala analemba kuti mkono sugwiradi ntchito bwino, koma si monga mmene zinalembedwera poyamba. A kampani anagamula kuti tibweze gawo lina la ndalamazo.

Gawo limenelo linali ng'ombe imodzi. Koma goli ndi la ziwiri, ndiye kugulitsa imodzi kunali kuimika ngolo.

Tinasankha yofiira. Wogula anali wa butchala wa ku Chezi, ndipo poiyang'ana mano anafunsa chifukwa chimene tikugulitsira ng'ombe yabwino chonchi. Amuna anga anati msipu wachepa. Ine ndinalowa m'nyumba.

Madzulo yakuda ija inayamba kulira, ikuzungulira khola kufuna inzake. Ndinapita kukaithira madeya ndipo ndinawapeza atakhala pa goli kuseri kwa khola, jekete atavula, mkono uli lende. Ndinali nditakonzeka kuwalalatira zonse zimene ndinasunga kuchokera ku Lilongwe. Sanandiyang'ane. Anangoti, “Mayi, phewali likuwawa. Lakhala likuwawa tsiku lililonse.”

Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kuwasisita. Panalibe wa kampani woti alembe.