Makope Amene Taibu Anafuna Kutaya

Inu amene mwagwira njakata, mukuti zimene munavutikira zapita pachabe, imvani za Taibu.

Chaka cha 2009 chinamupeza akutsuka galimoto za eni pafupi ndi Dubai Festival City. Kwawo ku Machinga anali munthu wa ku fiyeta, wogoneka odwala pa opaleshoni ndi kuwadzutsa ali moyo. Ku Dubai anaitanidwa ndi chipatala chatsopano, koma atafika anapeza chilibe denga, omanga atabalalika. Chuma chinali chitagwa. Kulikonse kumene ankapita ndi mapepala ake ankangomva "inshallah, mawa." Mawalo silinafike.

Galimoto zina pamalopo eni ake anali atathawa m'dzikomo. Zinkangokhala, fumbi lili mbuu. Taibu akaziyang'ana ankadziona yekha.

M'chikwama chake munali makope asanu ndi awiri. Kwa zaka zisanu ankalembamo za mayi aliyense wobereka pa opaleshoni, ndipo anapeza chinthu chowawa. Amayi ambiri amene ankamwalira sankafera ku fiyeta ayi. Ankafera ku wodi, mankhwala ogonetsa asanathe m'thupi, kupuma kukuzirala pang'onopang'ono. Nesi mmodzi, odwala makumi anayi. Gadiyani ali khale pambali pa bedi, akuti mwana wanga akupumula.

Ndiye Taibu anayamba kuphunzitsa magadiyani. Dzanja pachifuwa cha wodwala, werengani kupuma pa mphindi imodzi, kukapanda kufika khumi kuwani. Maliro anachepa. Anatumiza zimenezi kawiri ku magazini ya madokotala, kawiri konse anamubwezera. Wina anachita kulemba kuti munthu wosapita kusukulu sangalowe m'malo mwa makina.

Lachisanu lina masana, Taibu ankasamukira m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu, mololedwa chikwama chimodzi basi. Anaika makopewo m'jumbo, natuluka nawo kukataya ku bini. Mtima unali utauma. Mkazi wake kumudzi ankauzabe anthu kuti bambo ali pachipatala ku Dubai.

Pageti anakumana ndi Mwanajuma, wa kwawo komwe, wogwira ntchito ya m'nyumba ku Oud Metha. Ankabwera akuseka, foni ili m'manja.

"Achimwene, tiyamikireni! Mng'ono wanga Sumaya wabereka kwathu m'mawa uno, pa opaleshoni. Amayi akuti wagona bwino zedi, mpaka mkonono."

Taibu anaika jumbo pansi.

"Mkonono? Ayimbireni amayi. Yalla, fulumirani, pompano!"

Mayiwo analibe wotchi. Taibu anavula yake, foni ili kukhutu.

"Amayi, ikani dzanja pachifuwa chake. Chikakwera muwerenge. Yambani."

Mphindi imeneyo inatalika ngati chaka.

"Basi. Kangati?"

"Kasanu ndi kamodzi, bambo."

"Mugwedezeni, ndipo kuwani! Itanani anesi!"

"Iii, anesi a kuno ndi aukali, atikalipira."

"Akukalipireni lero, bola musalire mawa. Kuwani, amayi!"

Kunamveka mfuu, kenako foni inaduka. Mayunitsi anali atatha. Awiriwo anakhala pansi pamthunzi wa khoma, dzuwa likuswa mtengo. Mwanajuma ankangopotokola mpango wake. Patatha ola foni inalira, anali amayi aja. Nesi anali atathamanga, anamupatsa mpweya ndi jakisoni. Sumaya anali atatsegula maso, akufunsa mwana wake.

Mwanajuma atapukuta misozi anasuzumira m'jumbo muja.

"Nanga izi?"

"Zinyalala, achemwali. Khalas, zatha. Ophunzira anazikana."

"Khalas yake iti? Amayi anga sanapondeko m'kalasi, koma lero awerenga mpaka kasanu ndi kamodzi, mwana wawo ali moyo. Inu ndi masukulu anu onsewo mukulephera kuwerenga zimenezo?"

Mwanajuma ananyamula jumbolo, nakalisunga pansi pa bedi lake.

Musaganize kuti zinthu zinasintha m'mawa mwake. Taibu anatsukabe galimoto zaka zina ziwiri, manja mpaka kung'ambika ndi sopo. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankatenga kope limodzi kwa Mwanajuma, nakalitayipa pa kompyuta yolipira. Anatumiza kachitatu, anamubwezeranso. Tsiku limenelo sanadye. Mwanajuma anangoti, "Kope lina ndi ili. Musalinyowetse."

Atatumiza kachinayi, a magazini anamuvomera.

Ntchito ya chipatala ku Dubai sanaipeze mpaka anabwerera kwawo, ndipo kulibe anamuombera m'manja pabwalo la ndege. Koma zolemba zake zinayenda kumene iye sanafike. Ofufuza ena anaziyesa m'zipatala zawo, naona kuti n'zoona. Lero Taibu amaphunzitsa achinyamata ntchito yogoneka odwala, ndipo m'mawodi ena muli wotchi yaikulu pakhoma, yoikidwira magadiyani. Amayi amene anadzuka chifukwa cha wotchi imeneyo dzina la Taibu salidziwa n'komwe. Akungolera ana awo.

Tsono inu, chimene mwanyamula kupita nacho ku bini n'chiyani? Satifiketi? Makina osokera? Chibwezeni m'nyumba. Lirani ngati n'kulira, koma mawa mudzuke mukachigwirenso. Mtima musautaye, abale anga. Kuli wina amene kupuma kwake kukudikira ntchito yanuyo.