Mkulu wolemba ndi madzi

Chaka chimene amuna anga anapichira fodya ndi kope langa la ndakatulo, ndinalumbira kuti sindidzalembanso. Tinali matenanti pa esiteti ina ku Kapelula, ndipo ndakatulozo ndinkazilemba ndikapuma m'chigafa. Tsiku lina ndinapeza chikuto chokha, masamba onse atapita ndi utsi. Iwo ankangoseka: "Pepala lake ndi lofewa bwino, mayi." Mtima unandiwawa koopsa.

Mu Okutobala ndinapita ku boma kukagula khasu m'sitolo ya Mtchaina wina. Pakhonde panali bambo ake, nkhalamba yowonda, atagwira ndodo yomangirira kansanza kunsonga. Ankaiviika m'ndowa n'kumalemba pasimenti ndi madzi. Poyamba ndinaseka, poti zilembo zake zinali ngati mapazi a nkhuku. Koma dzanja lake linkayenda mwaulemu moti ndinangoima. Dzuwa la Kasungu silichita manyazi: akamafika kumapeto kwa mzere, koyambirira kunali kutauma kale.

Ndinafunsa mwana wawo, mwini sitoloyo, amene Chichewa chake chinali chopotoka koma chomveka. Anandiuza kuti kwawo bambowa ndi mlembi wodziwika wa ndakatulo ndi nkhani za m'nyuzipepala. Ali mnyamata, olamulira anawotcha mabuku awo n'kuwatumiza kukalima kumidzi yakutali kwa zaka zambiri, osawalola ngakhale pensulo. Kumeneko ankalemba ndi madzi pamwala, kuti woyang'anira akabwera apeze pouma. Atamasulidwa, zonse anazitulutsa m'mutu n'kuzisindikiza.

Ine kulira kope limodzi, pamene munthu uyu anamuwotchera mabuku onse! Ndinafotokoza zanga, mwana uja akumasulira. Ndinkayembekeza kuti andipepesa, koma mkuluyo anangondiyang'ana n'kulankhula mawu ochepa.

"Akufunsa," anatero mwanayo, "kodi mutu wanunso anaupichira?"

Kenaka anandipatsa ndodo ija. Ndinalemba mzere woyamba wa ndakatulo ina ya m'kope lija, yonena za zala za mayi anga, zodetsedwa ndi utomoni wa fodya. Wachiwiri unabwera wokha, wachitatunso, mpaka yonse inatuluka osasowa liwu. Misozi inagwera pasimenti pomwepo. Mkuluyo sankadziwa Chichewa ngakhale pang'ono, koma anawerama pamaso panga, ine mkazi wa tenanti wa fumbi m'mapazi.

Khasu sindinagule tsiku limenelo. Ndinagula kope.