Maliro a a Pasani

Lachiwiri lapitali tinaika m'manda munthu amene tonsefe sitinkadziwa mapemphero ake.

Dzina lawo linali a Pasang, koma pa esiteti pano tinkangoti a Pasani. Anali khukhi wa bwana, ndipo anabwera nawo kuno nkhondo ya dziko lonse itangotha, kuchokera kumapiri a ku India, kumene amalimanso tiyi. M'kachipinda kawo kuseri kwa khitchini anapachikamo nsalu yojambulidwa munthu atakhala pansi chopinda miyendo, pakati pa mitambo ndi maluwa. M'mawa uliwonse ankathira madzi m'timbale tamkuwa patsogolo pa nsaluyo, kuyatsa kanyali ka batala, n'kukhala duu osagwedezeka. Ambiri ankati ndi ufiti wa Amwenye.

Imfa inawapeza a Pasani pamene bwana anali kutchuthi ku Ulaya. Akulu a mpingo wathu anakaniza manda, ati munthuyo sanabatizidwe. Amwenye a masitolo nawo anati sanali wachipembedzo chawo.

Amene anaimirira ndi mayi Makwinja a ku Khonjeni, omwe amachapa zovala kunyumba kwa bwana. Anatikumbutsa kuti makolo awo anachoka kwa Apwitikizi atasenza mphasa yokha, koma anthu a kuno anawapatsa poika akufa awo. Choncho tinanyamula thupi ulendo wa kumanda a kwawo.

Titakwirira tinayang'anana. Tiimbe nyimbo iti? Mayiwo anapachika nsalu ija pamtengo, anathira madzi m'timbale, n'kuyatsa kanyali ndi mafuta a mtedza.

"Mawu a mapemphero awo sindiwadziwa," anatero. "Tiyeni tingokhala chete monga ankachitira eni ake."

Tinakhaladi chete. Abale anga, munayesapo? Ife maliro timawadziwa ndi nyimbo ndi ulaliki wautali. Poyamba ndinkangotakataka, koma kenaka mtima unakhazikika, ndipo ndinayamba kuganiza za munthu wofera kutali ndi kwawo, amene anakhala nafe zaka zonsezi popanda womufunsa kuti wojambulidwa pansaluyo ndani. N'chifukwa chiyani chimene sitikuchidziwa timathamangira kuchitcha ufiti? Kufunsa kumavuta pati?

Nsalu ija tsopano ili m'nyumba mwa mayi Makwinja, yokulungidwa bwino, kudikira ngati kudzapezeke wachibale. Akulu a mpingo awaitana Lamulungu likudzali kuti akayankhe mlandu wopembedza mafano, ndipo mwina awadula.

Ine ndikakhala nawo pabwalo limenelo. Funso langa n'lakuti: tsiku lija, pakati pa ife amene tinatseka manda ndi mayi amene anatsegula awo, woyenera kuyankha mlandu ndani?