Maina a M'nyimbo ya Mayi Herminda

Ndiyambe ndi kupepesa. Sindine mlembi, ndipo aka n'koyamba kuti ndilembe zoti ena awerenge. Tsamba lino lokha ndalifufuta kanayi. Mayi Herminda Rentería, amene ndikufuna kunena za iwo, akamva kuti ndagwiranso cholembera andiseka mpaka misozi, ndipo sakhala akulakwa. Maina a midzi ndi a anthu ena ndawasintha. Chifukwa chake muchiona.

Kwa zaka zitatu ndinkayenda ndi Bambo Anselmo, wansembe wathu, pa bwato la injini kukwera mtsinje wa Atrato kuchokera ku tauni ya Quibdó. Ine ndinali mphunzitsi wa katekisimu, wodutsako ku seminale. Mayi Herminda anali ophika. Ankakhala kutsogolo kwa bwato pafupi ndi mbendera yoyera, akusenda nthochi zaziwisi. Kuwerenga sankadziwa. Amuna awo anamira kalekale, ana awo anabalalikira m'matauni, ndipo mudzi uliwonse ukagwa maliro unkawaitana kuti akaimbe.

Masiku amenewo mtsinje unali ndi eni ake awiri. Kumtunda kunali gulu lina la mfuti, kumunsi lina, ndipo munthu dzina lake likamveka kumbali yolakwika ankangosowa. N'chifukwa chake aliyense ankadziwa kuti dzina la munthu silikwera bwato lili papepala. Ana oti abatizidwe, odwala ofuna mankhwala, omwalira oti tikawapempherere, onsewo Mayi Herminda ankawaluka m'nyimbo ya maliro, mudzi ndi mudzi, n'kukawatula ku parishi.

"Herminda, ku mudzi wa Bocas tasiyako angati?" ankafunsa Bambo.

Iwo ankang'ung'udza kaye pang'ono, kenako n'kuyankha. "Asanu ndi awiri, Bambo, kuphatikizapo kamwana ka Casildo kamakutu ngati mbale kaja."

Bambo ankaseka n'kunena kuti popanda mayiwa mishoni ikanatha. Za ine, wodziwako ngakhale Chilatini, sananenepo zotero. Ndivomere kuti zinkandiwawa. Nyimbo yawo ndinkaimvetsera ndi khutu losaka cholakwa, koma sindinachipeze.

Ulendo wina ndinagula kope lakuda. Mobisa ndinalembamo maina onse a m'midzi isanu ya kumtunda, makolo awo, ndi nyumba zimene tinagonamo. Ndinkadziona ndikupereka kaundula waukhondoyo kwa a bishopu, Bambo Anselmo akundiyang'ana mmene amayang'anira mayi aja.

Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, tinakocheza pamchenga kuti tidye. Malo amene gulu la kumunsi linkaimitsira mabwato anali pafupi, kuseri kwa kona ya mtsinje. Ndinalowa kutchire pang'ono. Pobwera ndinapeza nsomba zili m'chiwaya, ndipo pansi pake pankayaka masamba a kope langa.

"Aphunzitsi," anatero Mayi Herminda osatukula n'komwe mutu, "nkhuni zanyowa, koma mapepala anuwa ndi ouma bwino. Sukulu ili ndi ntchito ndithu."

"Mayi, mwalowa m'chikwama changa? Imeneyo ndi ntchito ya masabata atatu!"

"Masabata atatu? Nanga yapsa msanga bwanji? Khalani pansi mudye, mwaonda ngati nkhafi."

"Mwadziwa bwanji zimene zinalimo, inu wosawerenga?"

"Kuwerenga sindidziwa, mwana wanga, koma maso ndili nawo. Munthu akakuuzani dzina, inu mumathamangira kuseri kwa tchalitchi. Ndinkayesa ndi m'mimba."

Ndinayang'ana Bambo kuti andiikire kumbuyo. Iwo ankachotsa minga pansomba yawo. Ine sindinadye.

Titafika pakona, amuna amfuti anatitsitsa ndi katundu yense. Mtsogoleri wawo, bambo wa ndevu zaimvi, anatsegula buku la mapemphero la Bambo tsamba ndi tsamba, n'kuwerenga ngakhale zolembedwa pamabotolo a mankhwala. Kenako anasolola kope langa. Munatsala masamba oyera okhaokha.

"Mphunzitsi wanji wosalemba kanthu?" anandifunsa. Kenako anatembenukira kwa tonse. "Kumtunda mwagona kwa yani? Tikufuna munthu wina, Casildo, amene amadyetsa gulu la kumtunda lija nthochi."

Dzina limenelo linali patsamba lachiwiri la masamba amene anapsa aja. Ndinalemba mkazi wake, ana ake atatu, ndiponso kuti nyumba yake ndi yachitatu kuchokera padoko.

"Akuluakulu," anatero Mayi Herminda, "mukufunsa anthu olakwika. Ine ndimadziwa mapoto. Wansembeyu amaiwala chipewa chili pamutu. Uyu ndiye musavutike naye, mutu unadzaza Chilatini, ngakhale dzina la amayi ake amachita kufunsa."

Amuna aja anaseka, mtsogoleri anandiponyera kope, ndipo tinalongedza katundu n'kunyamuka.

Titapitirira, Bambo anapita kutsogolo n'kugwira phewa la mayi aja kwa nthawi yaitali. Ine sanandikalipire n'komwe. Apa ndiye pamene ndimachita manyazi kulemba. Sindinaganize za Casildo ndi ana ake. Ndinaganiza zoti dzanja lija likanakhala paphewa langa. Ku parishi mayiwo anaimba maina onse osaphonya ngakhale limodzi, ine ndili pakhomo, ndikudikirabe kuti alakwitse.

Papita zaka tsopano. Casildo ali moyo, ndipo kamwana kamakutu kaja kanabatizidwa. Bambo Anselmo anasamutsidwa. Wansembe watsopano akuyendabe pamtsinje, amfuti akuimitsabe mabwato, koma Mayi Herminda miyendo yawakana ndipo mawu ayamba kusasa. Nyimbo ija palibe amene anaiphunzira. Ine ndinaimva kambirimbiri, koma ndinkangosaka cholakwa.

Loweruka ndipita kwawo ndi nsomba ziwiri. Cholembera ndichisiya kunyumba. Ndikakhala pansi pakhonde n'kuwapempha kuti andiphunzitse, kuyambira mudzi woyamba. Ndikudziwa kuti akandiseka mawu anga, ndipo akanditchula aphunzitsi tsiku lonse. Ndikapirira, ndipo pomaliza ndikawauza mawu amene ndinalephera kunena pamchenga paja, akuti zikomo.